Tsiku Limene Atate Anandimetetsa Mpala

Ndikukumbukira mtengo wa mango wa pasiteshoni ya maminibasi ku Nangongwe, pomwe makolo anga ankapatsirana ine ngati katundu. Ine Tisa ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ukwati wawo utatha, khoti linagamula kuti ndizikhala ndi amayi, koma Loweruka atate azinditengera ku Kafue Estates n'kundibweza Lamlungu dzuwa lisanalowe. Awiriwo sankapatsana ngakhale moni.

Loweruka ndinkalikonda kwambiri. Fakitale ya nsalu inali itawachotsa ntchito atate pamodzi ndi anzawo ambiri, choncho nthawi yocheza nane anali nayo. Tinkayenda wapansi mpaka kumtsinje kukaonera asodzi, ine ndikutafuna nzimbe, iwo akununkhira sopo wofiira ndi fodya.

Koma nkhondo inali pamutu panga. Lachisanu amayi ankandiluka mizere ya mukule, yothina moti nsidze zinkakwera zokha. Ndikafika kwa atate, mkazi wawo watsopano, Ba Mwaka, ankandikhazika pakati pa miyendo yawo n'kumasula zonse. "Nindani anakumanga so? Monga ulibe bantu," ankatero, akundimanga tsitsi m'timitolo ta vikuti ndi ulusi wakuda. Lamlungu amayi nawo ankazula ulusiwo mokwiya. Mafuta a tsitsi, chipeso chachitsulo, misozi, sabata ndi sabata. Kenako pamutu panatuluka tizilonda.

Loweruka lina atate anandipeza ndikulira kuseri kwa nyumba. Anayang'ana tizilondato nthawi yaitali, n'kupita nane kwa wometa wa pamsika. Makina anali ozizira, tsitsi likugwera pamiyendo panga. Kunena zoona, ndinasangalala. Mphepo inkandiwomba pamutu ndipo palibe chinkawawa.

Atate anakulira m'tauni, za miyambo sankazilabadira. Koma kwa amayi, omwe makolo awo anachokera ku Malawi, mwana wamkazi kumetedwa mpala chotero ndiye kuti pachitika maliro. Atandiona pansi pa mango paja, dzanja linapita pakamwa. Aka kanali koyamba amayi kuwayankhula atate chithere ukwati.

"Mwamugela mwana wanga nikali moyo? Mufuna nife, ai?"

"Mwana enze na vilonda, amake Tisa," anayankha atate motsitsa mawu.

Amalume, mlongo wa amayi, anabwerera nayo kukhoti nkhaniyo. Akulu atatu oweruza anayankhula kwa nthawi yaitali, koma ine mwini mutu palibe anandifunsa. Anagamula kuti maulendo ayambe aima mpaka mabanja awiriwo atagwirizana. Asanagwirizane, atate anapita ku Copperbelt kukafuna ntchito, ndipo anamwalira komweko ndisanawaonenso.

Masiku ano ndimamva kuti ana amafunsidwa maganizo awo, ndipo amene atate awo ali kutali amaonana nawo pafoni. Ine ndikanafunsidwa, ndikanangonena kuti ndinalira ndekha ndipo atate anandimvera chisoni. Mpaka lero zimandipweteka kuti munthu yekhayo amene anaona zilonda zanga ndi amene akhoti anandiletsa kumuona.