Tsiku Limene a Damiano Anapalira Mtsinje

Kumunsi kwa mishoni ya Kasina aliyense amawadziwa a Damiano kuti ndi munthu wa khasu. Alima mbatatesi ndi kabichi kuyambira ali mnyamata mpaka lero imvi zili mbuu, ndipo udzu amadana nawo koopsa. Akaona chisoso m'munda mwa mnzawo amawerama n'kuzula, mwini munda ali pomwepo. Koma za nsomba sankadziwa kanthu, kupatula zouma za pamsika wa Linthipe. Munthu wokhala m'mbali mwa mtsinje ndi kansungwi m'manja ankamuyesa mlesi wotheratu, ndipo sankanong'ona ponena zimenezo. A Rafaelo, mnzawo amene anaphunzira naye katekisimu, ndiwo ankawedza m'mudzimo, ndipo mawu amenewo anawamva zaka zambiri.

Chaka chatha, m'nyengo ya Lenti, akazi awo a Bernadetta anadwala chifuwa chachikulu. Kuchipatala anawapatsa mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku, namwino n'kunenetsa kuti mankhwalawo amafuna chakudya m'mimba, apo ayi thupi silingapirire. Koma chakudya chinawakana mayiwo. Phala ankangolawa n'kukankha mbale. Mazira, nkhuku, zonse zinkawanunkhira. Panatha masiku anayi akumwa madzi okha, ndipo podzuka pamphasa ankachita kugwiririra khoma.

Lachitatu m'mawa anaitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo woyamba, mawu ali apansipansi. "Abambo a Ufulu, ndikanapeza msuzi wa mlamba wauwisi, ngati umene malemu bambo anga ankabwera nawo kuchokera kumtsinje, mwina ukanatsika."

A Damiano anagwidwa ndi mantha ndi manyazi nthawi imodzi. Pamsika mlamba unalipo wowamba wokha. Anapita kwa a Rafaelo chipewa chili m'manja, akuyembekeza kubwezeredwa chipongwe chonse cha zaka zija. A Rafaelo anangomvetsera.

"Ine mawondowa andithera, achimwene, sindiwedzanso," anatero. "Koma ndikuonetsani. Pa kamtsinje kathu kothira mu Linthipe pali dziwe paja pamkuyu. Mawa m'mamawa tikumane pomwepo. Inu mukumbe nyongolotsi basi."

Mawu akuti basi a Damiano sawamva. Atakumba nyongolotsi masana amenewo, anatsetserekera kudziweko kuti akaone malo. Anapeza bango lili thithithi, udzu wofika m'chiuno, ndi chipika chowola chitagona m'madzi. Anapukusa mutu. Munthu angagwire bwanji ntchito pathengo lotere? Anathamangira chikwanje ndi khasu. Anatchetcha bango lonse la tsidya lawo, anakoka chipika chija mpaka kumtunda, gombe n'kulisalaza bwinobwino. Dzuwa likulowa, malowo anali mbee ngati bwalo la tchalitchi tsiku lobwera ambuye episkopi, ndipo iwo anabwerera kunyumba mtima uli pansi.

M'mawa a Rafaelo anafika akutsimphina ndi ndodo yawo. Anaima, nayang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, mwachita chiyani?"

"Ndakonza malo."

"Mwagwetsa nyumba ya nsomba. Mlamba umagona pansi pa chipika chimenechi, umadya m'mizu ya bango. Tsidya lino lero mungakole chule yekha."

A Damiano anayang'ana chipika chija chili pamtunda. Anali atasiya akazi awo akubweza ngakhale madzi.

Bango linatsala tsidya lina lokha, ndipo kukafika kumeneko kunali kuponda miyala isanu yodutsa pakati pa madzi. A Rafaelo sakanatha kuoloka. Anawapatsa nsungwi, chingwe ndi mbedza ziwiri, zokhazo zimene anali nazo. Anawaonetsa kalowetsedwe ka nyongolotsi kuti ibise chitsulo chonse, kamchira kokha n'kumagwedera. Pachingwe anamangirira kachidutswa ka phesi la chimanga kuti kaziyandama.

"Maso anu akhale pa kaphesika. Kakagwedera, musakoke, ikungolawa. Kakamira kotheratu, m'pamene mukoke, koma mofatsa. Musaponde mwamphamvu, ndipo chithunzithunzi chanu chisagwere pamadzi."

A Damiano anaoloka n'kukhala pansi. Kukhala chete kunawavuta kuposa kugaula mphanje. Ola linatha, lina n'kutha. Kenaka kaphesi kanagwedera kamodzi kokha, ndipo malangizo onse anauluka m'mutu. Anakoka ndi mphamvu yozulira chitsa. Mbedza inatuluka m'madzi yopanda kanthu, inakakola m'mwamba munthambi, chingwe n'kuduka.

"Yatsala imodzi," anatero a Rafaelo kutsidya, osakweza mawu.

A Damiano anamanga mbedza yotsalayo. Pamene ankaponya, anaona kuti cha kuphiri la Chongoni kwada bii. Pamalopo sipanagwe ngakhale dontho, koma pasanathe nthawi madzi anayamba kufiira. Panadutsa masamba, kenaka zinyalala za m'minda, kenaka nthambi yathunthu.

"Mvula yagwa kumapiri," anatero a Rafaelo. "Olokani tsopano, madziwa sachenjeza kawiri."

A Damiano anacheuka. Mwala wapakati unali utamira kale. Anadziwa bwino lomwe kuti kamtsinje kameneka kanatengapo anthu. Anadziwanso kuti akabwerera chimanjamanja, mtsinje ukhala wosefukira masiku atatu, ndipo masiku atatu akazi awo analibe. Anakhala pomwepo.

"A Damiano, mukufuna m'nyumba mwanu mukhale maliro awiri?"

A Damiano anabwezera maso pamadzi. Kaphesi kanagwedera. Dzanja linafuna kukoka, iwo n'kuligwira ndi linzake. Anayamba Tikuoneni Maria chamumtima kuti apirire. Kanagwederanso, kanayenda pang'ono cha kubango, ndipo pempherolo lisanafike pakati kanamira. Anakoka mofatsa, momwe sanakokerepo chinthu chilichonse pamoyo wawo. Nsungwi inapindika, chingwe chinalira. Pang'ono ndi pang'ono chinatuluka chimutu chakuda cha ndevu, mlamba wotalika ngati mkono wawo.

Anaumbwandira ndi manja awiri monga amatolera mbatatesi, ndipo munga wa m'mbali mwa mutu unalowa m'chikhatho. Ululu unakwera mpaka paphewa, koma sanataye. Anauponya m'thumba limene anabwera nalo, thumbalo n'kulimangirira m'khosi.

Miyala yonse inali itabisika. Analowa m'madzi akufufuza ndi phazi, madzi akukwera m'mawondo, m'chiuno, mpaka pachifuwa, ozizira ngati a mwezi wa Juni. Pakati penipeni phazi linaterereka, nsapato imodzi ya gambutsi inavuka n'kupita, ndipo madzi anawakokolola mamita angapo. A Rafaelo, ndi mawondo awo omwewo, anali atalowa kale mpaka m'ntchafu, dzanja limodzi litakola muzu wa mkuyu, lina litatambasula ndodo. A Damiano anaigwira ndi chikhatho chobayidwa chija. Anatuluka onse awiri akukwawa, n'kugona pagombe losalala lija akupuma wefuwefu.

Kunyumba anaphika okha, dzanja litakulungidwa kansalu. Anathira tomato mmodzi ndi mchere pang'ono, monga anawauzira a Rafaelo. Anawadzutsa akazi awo, nawatsamiritsa kukhoma, iwo n'kugwada pambali ndi mbale.

A Bernadetta ananunkhiza msuziwo. Anatunga sipuni imodzi, anameza, n'kutseka maso. A Damiano anaika maso pakhosi pa akazi awo, kudikira kuti ubwerera. Sunabwerere. Inatsatira sipuni yachiwiri, yachitatu, kenaka zala zowonda zija zinayamba kunyotsola mnofu. Mbale itafika pakati, mayiwo anaona kansalu kamagazi kaja.

"Wakubayani?"

"Pang'ono chabe."

"Mlamba sagwira choncho. Mawa mukaugwire kuseri kwa minga, kumbuyo kwa mutu." Ananyambita chala. "Ndipatseniko mankhwala aja ndi madzi."

A Damiano anawapatsa, nadikira mpaka ameze. Kenaka anatuluka ndi gambutsi yawo imodzi, anazungulira kuseri kwa nkhokwe kumene sakanaonedwa ndi munthu, anakhala pansi, ndipo analira.