Mizere ya Agogo Mbewe ku South Bend

Ndikakumbukira Agogo Mbewe, ndimamva fungo la dothi lonyowa chisanu chikamatha ku South Bend, ku America, ndiponso kugunda kwa khasu lawo kuseri kwa nyumba, ife tikudikira basi ya kusukulu. Sanali agogo anga enieni. Anali bambo a Anti Chrissy, nesi amene tinkachita nawo lendi nyumba imodzi, iwo mbali iyi, ife mbali inayo. Khasulo anabwera nalo m'sutikesi kuchokera ku Dedza, mpini anasema konkuno.

Chaka choyamba ankangokhala pawindo kuyang'ana magalimoto, n'kumafunsa tsiku lobwerera kwawo. Chaka chachiwiri anagalauza kapinga yense wa kuseri n'kuunda mizere yopingasa, monga amachitira m'mapiri a kwawo kuti madzi asathawe. Anadzala maungu ndi mpiru. Zobwerera kumudzi sanazitchulenso, ndipo madzulo tinkawamva akuimba nyimbo za kutchalitchi ali chiweramire.

Madziwo sanathawedi. Mvula yamphamvu itagwa, anadikha m'mizere, kenako analowa m'chipinda cha pansi pa nyumba n'kunyowetsa makapeti. Mwini nyumba ananena mawu amodzi okha: madzi akalowanso, dimba lichoke.

"Adadi, mwafladitsa besimenti ya eni ake!" anatero Anti Chrissy, manja ali m'mutu. "Kunotu si ku Dedza."

Agogo anabwerera pawindo paja, ndipo ine zinandiwawa kwambiri.

Mvula itayambanso Loweruka, Agogo anagogoda pakhomo pathu. "Iwe Tadala, vala jombo. Tikawafunse madziwa kumene akufuna kupita."

Ndinali ndi zaka khumi, ndipo ndinaganiza kuti nkhalamba yazungulira mutu. Anandipatsa masamba ouma kuti ndiziponya pamadzi, iwo akuyang'ana. Tsamba lililonse linkalowera kumpanda, n'kukagunda mzere womaliza, n'kubwerera kukhoma la nyumba. Ndinakuwa m'Chingerezi, iwo n'kuyankha m'Chichewa, koma tinamvana.

"Madzi saiwala khwawa, mwanawe," anatero akuseka mpaka kutsokomola. "Ine ndi amene ndinawatsekera njira."

Anagumula mzerewo n'kukumba ngalande motsata mpanda mpaka kumsewu, ine ndikukokolola matope ndi fosholo yochotsera sinoo nthawi ya chisanu. Amayi anali pakhonde kukalipa za chimfine. Madzi atayamba kuyenda, ndinathamanga nalo tsamba langa mpaka linalowa m'dzenje la madzi la mumsewu, ndipo ndinavina pomwepo, wonyowa ngati nkhuku.

Mwini nyumba atabwera, anapeza pansi pali pouma. Anachoka atanyamula jumbo ya nkhwani, ngakhale sankadziwa n'komwe kaphikidwe kake. Dimba linatsala.

Lero ndine injiniya wa misewu ndi ngalande ku Indianapolis. Maphunziro ake anali owawa, ndipo masamu ena anandiliza, sindibisa. Ntchito yambiri timagwira pakompyuta, koma mvula ikagwa ndimasiya zonse n'kupita ku Beech Grove kapena kulikonse kumene tikumanga, masamba ali m'thumba. Anzanga anatopa n'kundiseka.

Agogo Mbewe anabwerera ku Dedza atakalamba zedi, mwa kufuna kwawo. Ndikawaimbira foni n'kuwauza za msewu watsopano umene ndikukonza, za simenti ndi zitsulo samva n'komwe. Amangodikira ndimalize.

"Zonsezo n'zabwino, ainjiniya. Koma madziwo mwawafunsa?"