Mankhwala a pansi pa lilime

Amayi anga ankalima mpunga m'dambo la m'mbali mwa nyanja ya Chiuta. Kuwokera, kupalira, kuchapa, zonse ankachitira m'madzi olekeza m'mawondo. Chaka chimene ndinasiya sukulu n'kuyamba kupalasa njinga ya nsomba, mimba yawo inayamba kutupa, mikono ikuwonda. Bambo anali atamwalira kale, ndiye mukudziwa zimene anthu ankanong'onezana za mimba ya mkazi wamasiye. Ndinamenyapo munthu pamsika chifukwa cha zimenezo, ndipo sindinapepese.

Abusa a kutchalitchi kwathu anabwera kudzapemphera. Anawagwira pamimbapo nati, "Mayi, alipo munthu amene simunamukhululukire. Mukamumasula, nanunso mumasuka." Amayi anavutika nazo, kufufuza mumtima kuti angakhale ndani, munthu woti ankagawira ndiwo ngakhale amene ankawajeda. Ine ndinawafunsa abusawo kuti bwanji osakhululuka onse amakhala kudambo kokha, kutauni ya Insaca kwa ovala nsapato kulibe? Anati ndi Satana akulankhula mwa ine.

Amayi ndinawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala. Anati ndi likodzo, koma mankhwala atha, tidikire. Posakhalitsa ndinamva kuti mankhwala omwewo akubwera pasukulu yathu, a ana olembetsa okha. Nanga akuluakulu? Akuti ntchitoyo ndi ya ana a sukulu basi. Ngati kuti tizilomboto timayamba tafunsa kalasi.

Ndinabwereka malaya a yunifolomu kwa mwana wa amalume, n'kukaima pamzere. Alendo a zaumoyo anabwera ndi ndodo yaitali yopaka mitundu. Umatsamira pamenepo, mtundu umene mutu wako walekeza ndiwo unkanena mapilitsi ako. Ine ndinanyang'ama ndi zala kuti amayi apeze ochulukirapo.

"Tsitsa zidendenezo, iwe," anatero namwino. "Ukufuna kukula lero lomwe?"

Ana anaseka. Anandiikira mapilitsi m'manja, kapu ya madzi m'dzanja linalo. "Meza ndikuona." Ndinawakankhira pansi pa lilime, n'kumeza madzi okha, n'kuyasamula pang'ono. Anandidutsitsa.

Ndinkaganiza kuti ndithawa pomwepo, koma anatikhazika tonse pansi pa mtengo wa mango kuti timve maphunziro. Bambo wina wa m'gulu la alendowo, wa nsapato zofika m'miyendo, anatambasula chithunzi cha nkhono ndi kanyongolotsi. Anafotokoza bwino, sindikana. Kanyongolotsi kamachoka mu nkhono, kamaboola khungu, kamakafika kuchiwindi. Kenako anamaliza kuti, "Choncho musamalowe m'madzi a m'dambo." Mpunga umene ankati akadye masana omwewo unachokera kuti? Funso limenelo linandifika pakhosi, koma m'kamwa munali mankhwala a amayi, akusungunuka, kuwawa kwake kofika m'makutu.

Apulofesolo amene anandiphunzitsa kale anandizindikira. "Ee, wa nsomba uja wabwerera. Taimirira, uwauze alendo. Likodzo timalipewa bwanji?"

Ndinaimirira. Ine amene sindisunga mawu ngakhale pamaliro, ndinangoti duu, malovu owawa atadzaza m'kamwa, osameza, osalavula.

"Wasiya lilime m'dengu la matemba?"

Ana anagwa nacho chiseko. Apulofesolo anatembenukira kwa alendo n'kunena m'Chipwitikizi kuti vuto la kuno ndi limeneli, umbuli. Chipwitikizi changa n'chochepa, koma mawu amenewo ndimawadziwa. Tawamva kuyambira tili ana.

Ndinachoka osatsanzika. Kuseri kwa chimbudzi ndinathyola tsamba n'kulavulira zotsalazo. Sanalinso mapilitsi, linali phala loyera. Ndinathamanga nalo kunyumba.

Amayi analiyang'ana, n'kundiyang'ana ine ndi malaya othina aja. Ananyambita tsamba lonse, nkhope itakwinyika. "Owawa chonchi ndiye enieni, mwanawe," anatero. M'mawa mwake anamanga chitenje pamwamba pa mimba ija n'kupita kudambo, poti udzu sudikira wodwala.

Mankhwala atabweranso kuchipatala, anatiuza kuti chiwindi chawonongeka kale. "Munachedweranji?" anafunsa dokotala wa chijasi choyera. Amayi anandigwira dzanja mwamphamvu kuti ndisayankhe. Anamwalira mpunga utayamba kucha, akusanza magazi. Pamaliro abusa anati nthawi ya Mulungu inakwana. Apo ndiye ndinayankha, mpaka amalume anachita kundikoka kunditulutsa.

Amati ndine wamwano, sindilemekeza za Mulungu kapena za ophunzira. Za nkhono ndimakhulupirira, n'zoona. Chimene ndinaona n'chakuti wina anabwera ndi pemphero, wina ndi chithunzi, onse anauza amayi chimene alakwitsa, ndipo onse anabwerera mapazi awo ali ouma.

Mpungawo ndinakolola ndekha, nditaima m'madzi omwewo. Munda ndi wanga tsopano. Chaka chino mkodzo wanga wayamba kufiira, ndipo malaya a yunifolomu aja sangandikwanenso.