Tsiku Limene Bambo Anathira Madzi Nyumba ya Eni

Ndikukumbukira Okutobala uja ndili sitandade 5, dzuwa likuswa mtengo, mphepo ikuulutsa fumbi m'makwalala a ku Ndirande. Bambo anga anali ozimitsa moto, ndipo ine ndinkayenda chifuwa patsogolo ngati galimoto yofiira ija inali yanga. Pakhomo anali munthu wa ana. Akaweruka ankatichapira mayunifomu, n'kumaluka mlongo wanga Tadala tsitsi mokhotakhota mpaka amayi kugwa ndi phwete.

Tsikulo ndikuchokera kusukulu ndinaona utsi wakuda, ndipo nditakhota pa mjigo ndinapeza kuti ukufuka pathu. Wina ankatentha zinyalala, moto n'kugwira mpanda wathu waudzu, n'kukwera kudenga. Amayi anali panja ndi Tadala, manja ali kumutu. Anthu ankathamanga ndi ndowa, koma motowo unkangolilima.

Galimoto itafika, woyamba kutsika anali bambo. Mtima wanga unakhala pansi.

"Ana atuluka?" bambo anafunsa amayi.

"Atuluka."

Basi anatembenuka, n'kuloza paipi pa nyumba ya a Nachisale, mayi wamasiye woyandikana nafe. Nyumbayo inali isanayake, inkangofuka utsi m'mbali mwa denga. Kuseri kwake kunali mzere wa nyumba zothithikana, zongotsala pang'ono kugundana malata.

Ndinawakoka jekete. "Ababa, yathu ndi iyi!"

Anandikankha ndi chigongono osacheuka. Amayi anakuwa, "Bambo a Dalitso, mwazungulira mutu kodi?" Bambo anangopitiriza kuthira. Madzi anathera pa nyumba ya eni, denga lathu n'kugwera mkati, pamodzi ndi makina osokera a amayi ndi nsapato zanga zatsopano.

Tinakasungidwa m'kachipinda ka kutchalitchi. Ine ndinawakwiyira bambo koopsa, moti ndinkakana kudya nawo mbale imodzi. Lamulungu lina anandipeza nditakhala pakhonde, n'kukhala pansi pambali panga.

"Nyumba yathu ndinaipeza itapita kale," anatero. "Madzi anali a thanki imodzi. Ndikanathira pathu, bwenzi mzere wonse uja ukugona panja, ife tomwe."

"Koma simunaiyang'ane n'komwe."

"Ndikanaiyang'ana ndikanatembenuza paipi."

Sindinamvetse. Ndinangoona munthu wouma mtima amene wagulitsa banja lake kuti atamidwe ndi aneba. Mkwiyo unaphwa ndi zaka, koma funso linatsala.

Mliri wa korona unandipeza kuno ku Doha, m'dziko la Qatar, ndikulondera pa geti la nyumba zosanja ku Bin Mahmoud, kuyeza anthu kutentha pachipumi. Malipiro anga ndiwo ankaphunzitsa Tadala unamwino, poti bambo anali atapuma pantchito. Kenaka uthenga unabwera kuti agonekedwa m'chipatala, akupumira m'makina.

Malamulo anali atangosintha, munthu sunkafunikanso chilolezo cha bwana kuti utuluke m'dziko. Ndikanatha kupita, palibe akanandigwira. Vuto linali kubwerako. Supavaiza wathu anandiuza mosabisa kuti ndikachoka, khalas, kwatha basi, malo anga apereka kwa wina.

Ndinaimba foni, namwino n'kuwaikira kukhutu.

"Ababa, ndikubwera. Tiketi ndipanga book lero."

Anapuma kwa nthawi, mpweya ukulira ngati paipi yobooka.

"Ukabwera undichiritsa?"

"Ayi, koma ndikuoneni."

"Sakulola n'komwe kulowa muno. Khala pantchito, mlongo wako amalize sukulu. Wandimva, Dalitso?"

Ndinawamva. Ndinatsala pa geti, ndipo maliro ndinawaonera pafoni, nditavala yunifomu. Anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi anatsitsa bokosi mofulumira, amayi ataimikidwa patali. Palibe mwana wawo amene anaponya dothi.

Tadala anamaliza, lero ndi namwino. Aliyense amandiuza kuti ndinachita bwino, ndipo ndikawerengera ndimavomera. Koma zimandiwawabe, tsiku lililonse zimandiwawa.

Nditapita kumudzi kukaona manda, ndinawadandaulira amayi kuti ine sindinatengere kulimba mtima kwa bambo. Anapukusa mutu.

"Kulimba kwake kuti? Bambo ako kuyambira tsiku la moto lija sanadutsenso pa malo aja. Ankazungulira njira ya kumsika, ngakhale mvula ikugwa."

Ndili mwana ndinkaganiza kuti munthu akasankha choyenera amagona tulo tabwino, ndiye poona bambo akuseka ndinkati sizinawakhudze. Tsopano ndikudziwa kuti choyenera chimapweteka chimodzimodzi, ndipo sichipola. Bambo anayenda nalo bala lawo zaka zonsezo, akutichapira mayunifomu, ife osadziwa kanthu.