Matalala a Chambiko

Ofesi ya akimu, mkulu wa boma lathu, inalengeza mwaulemu wonse kuti Loweruka kudzakhala mwambo wotsegulira maloboti oyamba m'mbiri ya tauni ino, pamphambano ya msewu wa kusiteshoni ndi wa kumsika, moyang'anizana ndi bwalo lalikulu la tauni. Eni ngamila anapemphedwa kumangirira ziweto zawo patsikulo, poti ngamila zinali zisanaphunzitsidwe kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Chilengezocho chinamaliza ndi mawu amene ambiri anawawerenga kawiri: "Gulu la ndege la boma lino lidzatenga nawo mbali."

Gulu la ndege la boma lino ndi munthu mmodzi, Sagindik Tolepov, bambo waimvi, wodwala msana, wokhala kumapeto kwa tauni kumene nyumba zimathera n'kuyamba chipululu.

Sagindik anakulira pa famu ya mpunga m'nthawi ya Soviet. Ali mnyamata, ntchito yake inali kuima kumapeto kwa munda atakweza mbendera, kuti woyendetsa ndege yopopera mankhwala aone podutsa. Mankhwala ankamugwera m'mutu, iye n'kumayang'anabe kumwamba kukamwa kuli yasa. Atakula anakhala makanika wa mathirakitala. Soviet itatha ndege zija zinapita osatsanzika, ndipo katundu wa famu anthu anagawana: uyu ng'ombe, uyo denga la khola. Sagindik anasankha mulu wa mapaipi opepuka othirira m'munda, anthu n'kuseka kuti mwana wa Tolep wagawiridwa mphepo.

Mapaipiwo, pamodzi ndi miyendo ya mabedi opinda, ndi amene anapangira kandege kake. Kanali ndi mipando iwiri yotsatizana, matayala atatu, ndi injini kumbuyo, yochotsa m'kagalimoto ka ku Japan kamene kanagwera mu ngalande. Pulopela anasema yekha, ya matabwa omata. Chinatsala ndi phiko, chinsalu chachikulu cha ngodya zitatu chimene zonsezi zimalendewerapo, ndipo limenelo anasoka ndi mkazi wake, Kulash.

Nsaluyo inali ya matanga a mabwato, yofiira ndi yoyera, yochokera kutali pa sitima. Kulash anaisoka nyengo yonse yachisanu pa makina opalasa ndi phazi, msoko uliwonse mobwereza, singano zikuthyoka, zala zikutuluka magazi. Inadzaza chipinda moti alendo ankamwera tiyi kukhitchini. Maso ake anathera pamenepo. Magalasi anayamba kuvala chaka chomwecho.

"Mukadzagwa," anatero pomaliza, akuluma ulusi, "musadzanamizire msoko wanga."

Sanagwe. Anapopera dzombe m'minda ya anthu, anapopera udzudzu m'mbali mwa mtsinje, anasakira abusa mahatchi osochera, iwo n'kumamuthokoza ndi nkhosa. Akatera, asanamwe n'komwe madzi, ankayamba wapinda phiko n'kulilowetsa mushedi yamdima. Nsalu imeneyi mdani wake si mphepo kapena mvula ayi, ndi dzuwa. Limaidya mwakachetechete, mtundu uli wowalabe. Chifukwa chake asananyamuke ankaidina ndi chala chachikulu, kumvetsera ngati ikukanabe.

Ndiye panali Baltabai. Awiriwa ndi akurdasi, anthu obadwa chaka chimodzi, ndipo kwathu kuno kurdasi wako atha kukutukwana pagulu, kukubera chipewa, kuuza mkazi wako kuti anasankha molakwa, iwe n'kumaseka basi. Wokwiyira kurdasi wake ndiye amachita manyazi. Baltabai, munthu wadazi, wa mawu okwana msonkhano popanda chokuzira mawu, nthawi imeneyo ankayang'anira za miyambo ndi zikondwerero ku ofesi ya akimu.

Tsiku lina anafika ndi wapolisi. Anazungulira kandege manja ali kumbuyo.

"Boma lili pa vuto, kurdasi. Tikati ndi ndege, ilibe mchira. Tikati ndi njinga yamoto, ili ndi phiko. Sitingalole chinthu chopanda dzina kumadutsa pamitu pa anthu."

Poti ofesi inalephera kugamula, inatenga mbali imene inabweretsa mkangano. Phiko analikweza pa lole kuti likaunikidwe, njinga n'kumusiyira. Kuunikako kunachitikira pabwalo lalikulu la tauni: anasolola mapaipi, nsaluyo n'kuikunga pamwamba pa nsanja imene akuluakulu amakhalapo pa zikondwerero. Pazithunzi inkaoneka bwino kwambiri.

Sagindik anapita ku ofesi. Anamupeza Baltabai pakhonde, atazunguliridwa ndi makalaliki.

"Baltabai, phiko langa."

"Likuunikidwa. Sukuona? Dzuwa likuliunika tsiku ndi tsiku."

"Dzuwa likulidya! Mkazi wanga anathera maso pa nsalu imene ija."

"Aaa, wakwiya? Anthuni, thamangani mudzaone chodabwitsa, kurdasi wokwiya! Ukamuuze mlamu kuti luso lake likusangalatsa boma lonse. Akanakwatiwa ndi ine bwenzi akusoka makatani basi."

Makalaliki anaseka. Sagindik nayenso anaseka, poti mwambo umatero. Kuseka kumeneko kunamutsalira pakhosi ngati fupa la nsomba.

Kulash sanaseke. Anasiya kudutsa pabwalo. Kumsika ankazungulira kuseri kwa chipatala. Za kusoka lina sanafune n'kumva komwe. Sagindik anagulitsa nkhosa zonse n'kukagula phiko lakale kwa munthu wina mumzinda, lotuwa, lazigamba. Panthawiyi likulu linali litapeza dzina la zinthu zoterezi, ndege zopepuka kwambiri, ndipo anamupatsa chilolezo. Anabwerera kumwamba. Koma nthawi iliyonse akayang'ana pansi ankaona kachidutswa kofiira ndi koyera pakati pa tauni, kakuwauka padzuwa. Zilimwe zitatu zinadutsa chomwecho.

Tsopano Baltabai anali atakwezedwa kukhala wachiwiri kwa akimu, ndipo mwambo wa maloboti unali m'manja mwake. Kunali kubwera mlendo wolemekezeka kuchokera kuchigawo. Maboma ena anali atamuonetsa kale magule ndi mipikisano ya mahatchi. Baltabai ankafuna chimene wina aliyense alibe. Anatulukira kwa Sagindik ngati palibe chinachitika, n'kudzikhalira pamalo aulemu.

Kulash anamuthirira tiyi mpaka kudzaza kambale, zimene kwathu zimatanthauza kuti imwa uzipita.

"Mlamu, wandidzazira chonchi, ukundithamangitsa?"

"Pepani alamu, maso awa. Anathera pa makina."

Baltabai anatsokomola n'kulowa m'nkhani. Ankafuna shashu yochokera kumwamba. Pa chisangalalo chilichonse, kaya ukwati, kaya mwana wayamba kuyenda, amayi amamwaza maswiti pamitu pa anthu, anthu n'kumalimbirana kutola. Ndi madalitso amenewo. Amene zamugwera ndiye wamwayi, ndipo sipanamvekepo munthu wodandaula kuti wamenyedwa ndi madalitso.

"Taganiza, kurdasi. Ine ndikulankhula, iwe n'kutulukira vuuu, maswiti mbwee! A wailesi yakanema akujambula. Dzina lako lidzamveka, chiwala chako ichi chidzasanduka mbalame."

"Shashu samwaza mwamuna," anatero Sagindik, pofuna kukana mwaulemu.

"Ndidzamwaza ine," anatero Kulash.

Sagindik anamuyang'ana. Mkaziyu anali asanakwerepo kandegeko. Ngakhale makwerero a padenga ankakwera akupemphera.

"Nanga akuluakulu adzakhala pati, alamu?"

"Pansanja, pamthunzi wathu uja. Usatidere nkhawa, mlamu, dzuwa silitipeza."

Mlendo atachoka, Kulash analowa mosungira zakudya n'kutuluka akukoka thumba. Munali kurti, timibulu ta chambiko chamchere timene amaumba ndi manja n'kuyanika padenga. Wa chaka chino munthu amatafuna. Wa chaka chatha amamumunya ulendo wonse wa pa sitima. Uyu anali wakale kuposa pamenepo. Anaika kamodzi pamwala n'kukamenya ndi nyundo ya mwamuna wake. Kambulu kanathawira kuseri kwa khola kali kathunthu.

"Mayi, mwaganiza bwino?" anafunsa Sagindik. "Munthu uja akakwiya atilanda kandege konse. Kachitatu sindingapangenso, msana watha, nkhosa zatha."

"Akwiyire chiyani? Kodi kurti si chakudya choyera? Makolo athu ankamwaza chiyani maswiti asanabwere? Aime pagulu anene kuti mkaka wamuvulaza, timumve."

"Koma adzakhala pansi pa nsalu."

"Za nsalu mukudziwa ndinu."

Sagindik anaganiza za m'mawa wa kumwamba, mtsinje uli ngati ulusi pansi, msana osapweteka n'komwe. Zimenezo ndi zimene amaika pachiswe. Masana anapita pabwalo ngati wongodutsa, anakwera pa benchi, n'kudina nsalu ija ndi chala chachikulu. Chala chinalowa ngati m'pepala lonyowa. Anaima pamenepo akuyang'ana chala chake chitatulukira mbali inayo, misoko ya mkazi wake ili pafupi ndi nkhope yake. Potsika pa benchi anali atagamula.

Loweruka anayendera kandege monga mwa masiku onse: waya uliwonse anaukoka, bawuti iliyonse anaigwira, petulo anasefa pa chipewa chakale. Kulash anatuluka atavala chovala chake cha paukwati ndi duku loyera. Anamumangirira pampando wakumbuyo, thumba la maswiti a ofesi pamiyendo, la kurti pakati pa mapazi. Kandege kanathamanga pachigwa cha kuseri kwa nyumba, matayala n'kusiya nthaka. Zikhadabo za Kulash zinamulowa m'mapewa.

"Mwatsegula maso?" anakuwa Sagindik.

"Yendetsani, musandifunse zopusa!"

Ulendo woyamba anadutsa chapansipansi, pang'onopang'ono, pamwamba pa khamu. Maswiti anagwa mofewa, ana n'kubalalika akukuwa, azimayi akutchera maduku. Kenako Sagindik anakwera m'mwamba, kutali ndithu, n'kutembenuka mpaka nsanja yokha inali kutsogolo kwake. Pansi apo Baltabai anali pa chokuzira mawu, akufotokoza tanthauzo la nyali yofiira pa chitukuko cha dziko.

"Tsopano!"

Kulash anatchula dzina la Mulungu n'kukhuthula thumba lonse.

Amene analipo amati poyamba zinamveka ngati ng'oma. Nsalu inalandira timibulu toyamba n'kungotsegula njira. Kurti anagwa pa matebulo, pa timbale ta tiyi, pa zipewa, pa mamendulo. Akimu anadziphimba ndi thireyi. Mlendo wolemekezeka, munthu wophunzira, anazindikira msanga kuti pansi pa tebulo mpabwino. Baltabai yekha anali chiimire, dazi lili poyera, ndipo madalitso anamupeza iye koposa onse. Mawu ake omaliza pa chokuzira mawu anamveka mpaka kusiteshoni, koma sanali a m'malankhulidwe amene analemba.

Potembenuka kuti abwerere, Sagindik anaona kuti mthunzi uja wasanduka nsanza zokupiza mphepo. Chimene chinatsala chokungika, kuchokera ngodya kufika ngodya, chinali misoko yokha. Kumbuyo kwake anamva phokoso limene poyamba anayesa kulira. Kulash anali kuseka.

Pamene ankatera pafupi ndi bwalo, azimayi achikulire anali atakwera kale pansanja, akukankha akuluakulu ndi zigongono, akutola kurti m'matumba a zovala. Mmodzi anachotsa kambulu m'kolala ya mlendo wolemekezeka n'kumuuza kuti, "Mwana wanga, chaka chino uli ndi mwayi." Kamera inali pankhope pake. Mlendoyo anamwetulira mmene akanathera, nanena kuti wayenda maboma ambiri koma sanaonepo anthu osunga mwambo wa makolo mwamphamvu chotere. Analamula kuti woyendetsa ndege avekedwe mkanjo waulemu pomwepo, ndipo auveke ndi amene anakonza mwambowo.

Baltabai anabwera ndi mkanjo, chotupa ngati dzira la tsekwe chili pamphumi, china chikumera pamwamba pa khutu. Anamuveka Sagindik, namukumbatira anthu akuwomba m'manja.

"Galu iwe," ananong'ona. "Udzandiona."

"Bwanji, kurdasi?" anatero Sagindik mokweza kuti makalaliki amve. "Ukuoneka ngati wakwiya."

Baltabai anayang'ana kamera, anayang'ana mlendo, n'kuseka. Sagindik anakumvetsera kusekako mpaka kumapeto, ndipo pakhosi pake panayera.

Mlendo wolemekezeka sanathere pomwepo. Analonjeza kuti chigwa cha kuseri kwa nyumba ya Sagindik chidzathiridwa phula kuti chikhale bwalo la ndege lenileni, kuti padzamangidwa nyumba yosungiramo kandege, ndiponso sukulu yoti achinyamata aziphunzira kuuluka. Ntchito yonseyi anaisiya m'manja mwa wachiwiri kwa akimu, amene analonjeza, dzanja lili pamphumi, kuti aigwira ndi mtima wake wonse.

Chisanu chitatha antchito anabweradi pachigwa paja. Anakumba maenje, anazika mizati ya magetsi mopingasa pakati penipeni pomwe kandege kamanyamukira, n'kukunga mawaya. Kuyambira pamenepo Sagindik sanaulukenso. Mawayawo mpaka lero sanalumikizidwe kulikonse.