Bwato la m'dziwe la pamkuyu

Ine ndinabadwira kumtunda, ku Ntengo-Wambalame, kumene madzi amene ndinkawadziwa anali a m'ngalande yothirira mbatata. Ndinakakwatira kutsidya kwa Revubwe, mbali ya Chidzolomondo, m'banja la anthu a bwato. Apongozi anga aamuna ndiwo ankawolotsa anthu padoko la mudziwo. Nkhondo itakula mlatho unaphulitsidwa, ndipo a tropa, asilikali a boma, ndi a m'tchire omwe akapeza bwato ankaliwotcha kuti adani awo asawolokerepo. Tsiku lina apongoziwo anachoka ndi bwato lawo, n'kubwerako chosambira. Anthu atawafunsa anangoti lapita ndi madzi. Patapita zaka zingapo anamwalira.

Chaka chimene tinathawa, mtsinje unali utaphwa, madzi olekeza m'mawondo. Mkazi wanga anali wotopa ndi pakati, sakanatha ulendo. Tinamusiya mumsasa wa m'phiri ndi azakhali ake, ine n'kuwolotsa ana athu awiri, mayi a mkazi wangayo ndi mbuzi imodzi. Ndinati ndikawapezera pogona mbali ya Tsangano ndibwerera kudzamutenga. Koma mvula inafulumira chaka chimenecho. Pamene ndinkafikanso pagombe, Revubwe anali atadzaza mpaka m'mabango, wofiira, akukokolola mitengo yathunthu.

Azakhali aja anabwera kutsidyako n'kuyamba kufuula. Mkokomo wa madzi unameza mawu ambiri, koma amene ndinatola anandikwanira: mwana wabadwa, wamkazi, ufa watha, ndipo mfuti zikumveka kuseri kwa phiri. Kusambira sindidziwa. Ndinagwada pamchenga n'kuuza Ambuye kuti Inu munagawapo nyanja, kamtsinje aka sikangakukanikeni.

Ndili chigwadire ndinamva kumbuyo kwanga mawu a apongozi anga aakazi, amene anabwerera nane kumtsinjeko. Kwathu mkamwini salankhulana ndi mayi a mkazi wake, mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ngakhale pothawa nkhondo tinasunga zimenezo, iwo patsogolo, ine m'mbuyo patali. Wotilankhulira panalibe, pakuti amuna ambiri anali atapitirira kumalire, ndipo amene anatiperekeza kumtsinje anali mkulu wa mpingo wathu, bambo wamphamvu koma wogontha. Choncho apongozi anatembenukira mbuzi imene ankaikoka pachingwe.

"Iwe mbuzi, pali anthu ena amapemphera atatsinzina kwambiri, yankho n'kumawadikira kumbuyo. Kawauze atsikire kumkuyu wopendekeka uja."

Ndinadzuka, maso pansi, n'kuyankha kuti, "Mbuzi, uwauze mayi kuti ndamva."

Pansi pa mkuyuwo panali dziwe lobisika ndi mabango, kumene madzi ankangozungulira osathamanga. M'menemo ndi mmene malemu apongozi aamuna aja anamiza bwato, atalidzaza miyala, ndipo anauza mkazi wawo yekha. Tinadula nsungwi yaitali n'kumafufuza pansi mpaka inagunda chinthu chomveka ngati mtengo. Mkulu wa mpingo anandimanga chingwe chaluzi m'chiuno, iye n'kugwira nsonga. Ndinalowa madzi akundifika m'khosi, n'kumamira, kutola mwala umodzi, kutulutsa mutu, kupuma, kumiranso. Za ng'ona ndinaziika m'manja mwa Mulungu, koma apongozi ankamenya madzi ndi chibonga kuti zisayandikire.

Dzuwa litapendeka ndinamva pansi pa mapazi anga pakugwedezeka. Bwato linayamba kukwera pang'onopang'ono, mphuno yoyamba, lakuda bii, likutsika matope. Ndinakumbukira nkhwangwa ya m'Baibulo ija imene inagwera mumtsinje, munthu wa Mulungu n'kuiyandamitsa. Nkhani imeneyo ndinkaikhulupirira kuyambira ubwana, koma tsiku limenelo ndinaiona ndi maso, chingwe chili m'chiuno.

Tinalikokera kumtunda n'kulipala. Munali nkhono, mizu ndi nkhanu zimene zinkathawira m'miyendo mwathu. Mtengo wake unali mbawa, ndipo madzi anausunga bwino kuposa mmene denga likanachitira. Ine poona kuti ndi lolemera ndi madzi, ndinaganiza ngati mlimi. Mamawa mwake ndinakodola mkulu uja kuti tilikankhire pathanthwe, padzuwa.

"Mbuzi iwe," anatero apongozi, "anthu akumtunda aja akuyanika chiyani? Bwato si makaka ayi. Likamva dzuwa ling'ambika kuchokera kumphuno mpaka kumchira, akawolokera pamtondo."

"Uwafunse, mbuzi, nanga liuma bwanji?"

"Ndani wati liume? Mthunzi, ndi masamba a nthochi pamwamba. Pouma pakhale pamng'alu pokha."

Mbuziyo inkangodya masamba a nthochi amene ndinakabweretsa.

Mng'alu unalipodi, kumphuno, wotalika ngati mkono, ndipo panali kabowo kena pansi pamene mwala unakhala zaka zonsezo. Nthawi inkandipweteka. Tsiku lililonse azakhali ankatulukira kutsidya, ine n'kumawakwezera manja kuti adikire. Tsiku lina sanabwere, ndipo tinaona utsi ukukwera chakumudzi kwathu. Ndinafuna kuliponya m'madzi bwatolo momwemo. Apongozi anauza mbuzi kuti mwana wawo sanamuberekere kuti adzamire ndi mkamwini wopupuluma. Pamenepo ndinazindikira kuti amene ali kutsidyayo ndi mwana wawonso. Ndinabwerera kuntchito.

Apongozi anang'amba kapulana yawo yachiwiri, nsalu imene ankafunda, n'kuipota timizere. Mkulu wa mpingo anapeza njuchi m'phanga la mtengo, anazifukiza, ndipo anabwera nkhope itatupa, zisa zili m'manja. Uchi wina tinatumiza kwa ana, phula tinalisungunula m'phale pamodzi ndi utomoni. Ndinkaviika nsanza m'menemo n'kumazikhomera mumng'alu ndi kamtengo kosongola. Pabowo tinaikapo lata ya chitini cha mafuta yophwanthidwa, ndipo mapregu ake, misomali yokhomera, tinazula pachitseko cha nyumba ina yopsa. Pamene ndinkamata phulalo ndinkaganiza za mayi wa m'Baibulo uja amene anamata kadengu n'kuikamo khanda lake pakati pa mabango. Mulungu sananyoze phula lake.

Nkhafi zakale malemu anazibisa m'mphako ya mkuyu, koma chiswe chinali chitadya, zinangofumbutuka m'manja. Ndinasema zina ndi kasemasema. Yoyamba apongozi anaiyang'ana cham'mbali n'kufunsa mbuzi ngati chimenecho ndi chipande chogawira ndiwo pamaliro. Yachiwiri sananene kanthu, ndipo ndinadziwa kuti yakhala bwino.

Tinaliyesa m'dziwe lomwelo, titaikamo miyala yolemera ngati anthu. Linakhala pamadzi mowongoka. Pamng'alu pankangotuluka timadontho ngati thukuta. Mkulu wa mpingo anavula chipewa n'kuyamba nyimbo yoyamika, mokweza ndiponso mosokoneza monga amaimbira ogontha, ndipo palibe anamuletsa.

Panatsala wopalasa. Ine nkhafi ndinali ndisanaigwirepo pamadzi. Apongozi anamangirira mbuzi pamkuyu, anakwinya nsalu yawo, n'kukakhala kumchira, pamalo a amuna awo. Ine ndinagwada kumphuno, msana ndawapatsa, kotero mwambo sunasweke. Tinakwera chamtunda m'mbali mwa mabango, kenako analozetsa bwato pakati.

Madzi anatigwira ngati dzanja. Gombe linayamba kuthamanga. Ndinapalasa mmene ndimalimira, mwamphamvu ndi mosaganiza, ndipo bwato linayamba kuzungulira. Chitsa chachikulu chinkabwera kumanja kwathu. Pamenepo ndinamva mawu amene ndinali ndisanawamvepo akulunjika kwa ine.

"Bambo a ana, kumanzere. Mizani nkhafi yonse. Musayang'ane madzi, yang'anani mtengo uwo."

Ndinayang'ana mtengo wa kutsidya, n'kumiza nkhafi. Chitsa chinadutsa chikukhula mchira wa bwato.

"Bwinotu. Kawirinso. Mwayamba kukhala munthu."

Tinakagunda mchenga kumunsi ndithu kwa doko. Ndinatsika n'kuthamangira kuphiri. Msasa ndinaupeza wopanda munthu, phulusa lozizira. Ndinaitana dzina la mkazi wanga motsitsa, poopa makutu ena. Anayankha m'chigwembe chapafupi, mmene anabisala chionereni utsi uja. Anatuluka atawonda, milomo yoyera, khanda lili pachifuwa, azakhali akumugwiriza. Chimene anayamba kufunsa n'chakuti, "Mwawoloka bwanji, inu a mbatata?"

"Pabwato la bambo ako."

Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Atafika pagombe n'kuona mayi ake atakhala kumchira, nkhafi ili pamiyendo, anakhala pansi pamchenga n'kulira, dzanja lili pamphuno ya bwatolo.

Pobwerera tinali olemera, madzi atatsala pang'ono kufika pamlomo wa bwato. Azakhali ankakapa ndi chikho, mkazi wanga anagona pansi atafungatira mwana, ine ndinkamvera mawu ochokera kumbuyo n'kumachita zomwezo. Phula linagwira. Lata inagwira. Pakati pa mtsinje khanda linayamba kulira, kulira kwamphamvu kwa munthu wamoyo, ndipo ndinapeza kuti ndikuseka, madzi akundimenya kumaso. Mkulu wa mpingo analowa m'madzi mpaka m'chiuno kudzatigwira, n'kunyamula mwanayo m'mwamba kupita naye kumtunda.

Tisanapume n'komwe, kutsidya kunatulukira anthu ena amene ankabisala m'mapiri omwewo, amayi ndi ana ndi nkhalamba imodzi yoberekedwa kumsana. Anaona bwato ndipo ankakweza manja. Mkazi wanga anali atakhala pamthunzi, akumwa phala la uchi, mwana akuyamwa. Ndinayamika Mulungu mumtima, ndinatola nkhafi yanga, ndipo apongozi anakankhanso bwato.