Chigoba cha Thumba la Feteleza

Chaka chimene ndinkakonzekera ulimbitso ndi chomwenso ndinapenga ndi timabuku ta zithunzi. Ankabwera nato pa Kamwendo tsiku la msika ndi bambo wina wa kaunjika, wooda katundu ku Chipata. Timabukuto tinali tachizungu, tina topanda chikuto, koma nkhani yake inali ya munthu mmodzi: masana wokonza mawotchi wofatsa, zigawenga zikavuta n'kuvala chigoba chakuda, kuuluka pamwamba pa nyumba, kuimitsa sitima ndi dzanja. Ngakhale mkazi wake sankadziwa kuti ndi iye. Ndinkamukonda munthu ameneyu kuposa abale anga ena, sindibisa.

Kuwerenga kokha sikunandikwane. Ndinadula thumba la feteleza, kuboola maso, kulidetsa ndi makala, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkakalivala kuseri kwa chigafa chathu cha fodya, n'kumalumpha kuchokera pachulu. Ndinkayesa ndili ndekha.

Loweruka lina titamaliza maphunziro kutchalitchi chathu chaching'ono cha kufupi ndi Ludzi, akatekisiti anati nditsale. Anali munthu wosaseka wamba. Anatulutsa m'chikwama chigoba changa ndi kabuku kamodzi.

"Ichi n'chako?"

"Eya, n'changa."

"Nanga uyu wavala chakumasoyu ndani? Akazi ake akumudziwa?"

"Ayi, n'chinsinsi."

"Chinsinsi. Wobisa nkhope, wobisa dzina, akazi osauzidwa. Iwe, kwathu kuno chimenecho timachitchula chiyani?"

Ndinayesa kufotokoza kuti si gule, ndi munthu wabwino wopulumutsa anzake, moti amachita kuuluka kukawathandiza. Apo ndiye ndinaponda pamoto.

"Amaulukanso?" anatero akatekisiti, akuyang'ana kabukuko ngati kaluma.

Anagamula mwachidule. Timabuku tonse tiotchedwe pamodzi ndi chigobacho pamaso pa akhristu a mumphakati mwathu, apo ayi ambuye episkopi akabwera ine ndikaonerere anzanga pawindo. Mayi anali atasoketsa kale malaya oyera.

Chimene chinkandidya kwambiri sichinali chigamulocho, koma amene anandipereka. Chigoba ndinkachisomeka kudenga kwa chigafa, timabuku pansi pa mphasa. Ndinayamba kukayikira mnzanga wa pabenchi imodzi, amene ndinam'mana kabuku katsopano sabata yapitayo. Ndinam'dikirira panjira ya kudimba, iye n'kulumbira mpaka misozi, koma kulira kwakeko ine ndinati n'kwa wolakwa. Kenako mlongo wanga, mwini pakamwa posatseka. Kenako mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene nkhuku zake zinkakonda kuchigafa kwathu kuposa kwawo, naye n'kumazitsatira. Aliyense wondipatsa moni ndinkamuyang'ana m'maso kufuna kuona ngati aphethire. Ndinafika pokayikira ndi wa kaunjika yemwe, ngati kuti munthu angawononge yekha malonda ake.

Tsiku lootcha linafika. Anthu anaima mozungulira pabwalo, ena akusuzumira zithunzizo mwakuba asanapemphere. Ine ndinaumitsa khosi, ndinati machesi sindigwira. Mayi anatola bokosilo, kugwada, kuyatsa okha. Mapepala aja anapsa msanga, utoto wake ukununkha ngati pulasitiki. Ndinalira poyera, mnyamata wamkulu ndithu.

Pobwerera ndinkayenda patsogolo, osafuna kuyankhula ndi munthu. Titadutsa munda wa chimanga wa amalume, ndinatembenuka.

"Amene anakanena ndidzam'dziwa basi. Sindidzam'khululukira."

Mayi anatula mpando umene anasenza, n'kukhalapo pakati pa njira.

"Wam'dziwa kale. Ndine."

"Inuyo, mayi?"

"Unkayesa unali wekha kuchigafa kuja? Anyamata a kudambwe anakuona kawiri. Amalume ako anabwera kudzandinong'oneza kuti kumeneko akuti mwana wosameta akunyoza gule, akadzam'pezanso atavala adzam'nyamula akamete, afune asafune. Ukanandimvera ine ndikanakuletsa? Ndinafuna mudzi wonse uone utsi, uthenga ukafike okha."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndakuuza lero. Dana nane, mwana wanga, koma udane nane uli pakhomo panga."

Ananyamuka, kusenzanso mpando wawo, ndipo ndinaona kuti chala chawo chachikulu chatuwa ndi moto. Sanachiuzire n'komwe. Ndinawalanda mpandowo, n'kuusenza ine mpaka kunyumba.